Mwana akumagwa pa samu za ratio ndi proportion? Tsegulani kope tione pamene pakuvuta

Ndakhala ndikuthandiza ana masamu pakhonde kwathu kuno madzulo akaweruka, ena a sitandade 8 omwe akukonzekera PSLCE, ena a Fomu 2 a JCE, pena kumabweranso achikulire obwereza MSCE. Nde pali dandaulo limodzi lomwe limabwera chaka chilichonse ngati mvula, kholo limafika nkuti aphunzitsi mwanayu times table amaidziwa, kugawa amatha, koma akangoona timadontho tiwiri tija pakati pa manambala mutu umaima. Ine ndikatsegula kope nthawi zambiri ndimapeza kuti kuwerengetsa wawerengetsa bwinobwino, koma wawerengetsa zomwe sanafunsidwe. Anathamangira kugawa ndi kutaimuza asanadzifunse kuti kodi nambala andipatsayi ikuimira chani. Nde musayambe ndi kukalipa, tengani kope lakelo, onani ansa yolakwikayo, chifukwa ansa yolakwika imakuuzani yokha matenda ake.

Tiyambe ndi mawu amene ine ndimagwiritsa ntchito, mulu. Mwana aliyense anapitako kumsika, amadziwa mulu wa tomato, amadziwa kuti milu ya mayi mmodzi pa benchi imakhala yofanana. Akakuuzani kuti anthu awiri agawane mu ratio ya 2:3, akungonena kuti katunduyo muunjike milu yofanana, wina atenge milu iwiri, mnzake itatu. Basi. Samu yonse yagona pa kupeza kuti mulu umodzi ndi zingati.

Matenda oyamba mumawaona chonchi. Funso likuti agawane K60,000 mu ratio 2:3, mwana walemba K30,000 ndi K20,000. Apa wagawa 60,000 ndi 2, kenako wagawanso 60,000 ndi 3. Musamuuze kuti walakwa, mungomufunsa kuti taphatikiza ndalama ziwirizo, apeza 50,000, nde mufunse kuti K10,000 inayo wadya ndani. Amaseka, koma amaona. Komanso taonani, wa milu iwiri uja ndi amene wapeza zambiri kuposa wa milu itatu, zomwe ngakhale pogawana mango sizingatheke popanda ndewu. Njira yake ndi yoti milu yonse ilipo 5, mulu umodzi ndi 60,000 kugawa ndi 5 yomwe ndi 12,000, woyamba atenga 24,000 wachiwiri 36,000. Amayi a banki mkhonde amachita zimenezi pakutha pa chaka opanda kudziwa kuti dzina lake ndi ratio, wina anaponya masheya atatu, wina anayi, wina asanu, phindu ndi K240,000, masheya onse 12, limodzi 20,000, nde agawana 60,000, 80,000 ndi 100,000 ndipo palibe angawapusitse olo tambala.

Koma pamene pamagwera ana ambiri, ngakhale anzeru amene, ndi apa, ndipo ndichedwapo pang'ono. Mwana akangophunzira kuphatikiza milu kuja zimamulowa m'magazi, funso lililonse iye ndi kuphatikiza basi, kenako kugawa. Pomwe nambala imene amakupatsa mu funso siikhala yonse nthawi zonse. Pena ndi ya munthu mmodzi, pena ndi kusiyana kwa awiriwo. Tione ili: awiri agawana ndalama mu ratio 3:5, wachiwiri wapeza K8,000 kuposa woyamba, ndalama zonse zinali zingati? Mwana wa chizolowezi aphatikiza 3 ndi 5 kupeza 8, aona kuti 8,000 ikugawika bwino ndi 8, mtima uli mbee, alemba 3,000 ndi 5,000. Nde chotsani 3,000 pa 5,000, ikutsala 2,000, pomwe funso lati kusiyana ndi 8,000. Olemba mayeso amasankha dala manambala ogawika bwino chonchi kuti wolakwa asadzikayikire. Zoona zake nzoti 8,000 ija ndi ya milu iwiri imene wachiwiri wamuposera mnzake, mulu umodzi ndi 4,000, nde ndi 12,000 ndi 20,000, zonse pamodzi 32,000.

Chimodzimodzi likati mu ratio 2:3 wocheperayo walandira K60,000. Apo 60,000 ndi milu iwiri osati isanu, mulu umodzi 30,000, mnzake alandira 90,000. Manambala omwe aja a poyamba, ansa ina.

Mankhwala ake ndi otchipa. Mwana asanagwire samu ajambule timabokosi, titatu mzere wapamwamba, tisanu mzere wapansi, kenako aloze ndi chala kuti 8,000 ikukhala pa mabokosi ati. Ngati sakutha kuloza, vuto si masamu, ndi Chingerezi. Izi tizinena poyera, kuyambira sitandade 5 masamu amabwera mu Chingerezi ndipo ana ambiri amagwa pa timawu tochepa. Altogether, total ndi shared akunena milu yonse. More than, less than ndi difference akunena kusiyana. Received kapena got pambali pa dzina la munthu ndiye kuti ndi za munthu yekhayo. Ine ndimawauza kuti amasulire funso mu Chichewa mokweza ngati akufotokozera agogo, akalephera kumasulira sindilola kuti agwire pensulo.

Lina lofanana nalo ndi losokoneza ratio ndi fraction. Mkalasi muli ana 90, anyamata kwa atsikana ndi 2:3, mwana walemba kuti anyamata ndi 2/3 ya 90 nkupeza 60. Ndiye kuti atsikana atsala 30, ochepa kuposa anyamata, pomwe ratio ikuti atsikana ndiwo ambiri. Ratio ikuyerekeza gulu ndi gulu linzake, fraction ikuyerekeza gulu ndi kalasi yonse, nde anyamata ndi milu iwiri pa isanu, 2/5 ya 90, yomwe ndi 36, atsikana 54. Izi ndimaphunzitsa ndi Sobo. Tinene kuti tikusungunula kapu imodzi ya Sobo ndi makapu anayi a madzi, 1:4, ndipo tikufuna kudzadza ndowa ya malita 20 pa chinkhoswe. Ambiri amati 20 kugawa ndi 4, malita 5 a Sobo. Ayi, mu ndowamo mukulowa zonse ziwiri, milu ndi isanu, Sobo ndi malita 4 madzi 16.

Sobo yemweyo amachizanso matenda ena, a kuphatikiza pofunika kutaimuza. Mumufunse mwana kuti ngati kapu imodzi ikufuna madzi makapu anayi, nanga makapu awiri, wina amati asanu, poti uku taonjezera imodzi nde ukunso tionjezere imodzi. Osalimbana naye, sungunulani zenizeni alawe, amva yekha kuti zatsekemera udyo. Kapu yachiwiriyo nayo ikufuna madzi ake anayi, nde ndi 2:8. Ratio imasungika ukataimuza kapena kugawa mbali zonse ndi nambala imodzi, ukaphatikiza yasintha. Nchifukwa chake mafunso a zaka amazunguza, bambo a zaka 40 mwana wa zaka 10 ndi 4:1, pakapita zaka 10 ndi 50 kwa 20 yomwe ndi 5:2, pakapita 20 ndi 60 kwa 30, 2:1. Kusiyana kwa zaka kuli pomwepo pa 30 koma ratio ikuyenda.

Za kutembenuza sindichedwapo, funso likati atsikana kwa anyamata, nambala ya atsikana iyambe. Alembe mayina pamwamba pa manambala, G pamwamba pa iyi B pamwamba pa iyo, zatha. Mmisiri atasokoneza simenti imodzi mchenga 6 nkuika simenti 6 mchenga umodzi bwana wake angalire.

Mukaona ansa yooneka yachilendo kwambiri, monga 20:1 pa funso la mphindi 40 kwa maola awiri, dziwani kuti ndi ma unit. Mwana watenga 40 ndi 2 momwe zilili. Sungayerekeze mphindi ndi maola, uyambe wasintha zonse zikhale mtundu umodzi, maola awiri ndi mphindi 120, nde 40:120 yomwe ndi 1:3. Magalamu 500 kwa makilo awiri ndi 500:2000, 1:4, osati 250:1. Masentimita 75 kwa mita imodzi ndi theka ndi 75:150, 1:2. Langizo langa ndi loti nthawi zonse asinthire ku unit yaing'ono kuti asakumane ndi ma point. Ndipo nthawi muisamale mwapadera chifukwa siiyenda ndi ma 100, maola 1.5 ndi mphindi 90 osati 150, ndaonapo a Fomu 4 ali ndi calculator m'manja akulakwa pomwepa. Ma fraction nawo ali ndi msampha wawo, 1/2 kwa 1/3 ana amangokopera zapansizo nkulemba 2:3, koma theka ndi lalikulu kuposa gawo limodzi mwa atatu nde nambala yoyamba iyenera kukula. Taimuzani zonse ndi 6, mupeza 3:2.

Tsopano proportion. Apa ndili ndi mlandu ndi ife aphunzitsi, chifukwa timafulumira kuphunzitsa cross multiply, ija yotaimuza manambala mopingasa, mwana amaikonda poti ndi yachidule, nde amaiponya paliponse ngati mchere. Pa funso loti makope 4 ndi K2,400 nanga makope 7, imagwira, ansa ndi 4,200. Komabe ine ndimakonda ayambe wapeza mtengo wa kope limodzi, 600, kenako ataimuze ndi 7, chifukwa njira imeneyo ngakhale akaiwala formula mu holo ya mayeso amaikumbuka, ndi mmene amagulira pa okala tsiku lililonse.

Vuto limabwera funso likakhala la ganyu. Anthu 6 amapalira munda masiku 4, nanga anthu 8 atenga masiku angati? Mwana apanga cross multiply nkupeza masiku 5 ndi kanthu, alemba 5.33, adula mzere kawiri pansi pake monyadira. Mufunseni, iwe kwanu mukaonjezera aganyu ntchito imachedwa? Amadziwa bwino kuti imafulumira, kungoti atalowa mkalasi nzeru za kumunda anazisiya pakhomo. Nde lamulo langa, lomwe sindinyengerera, ndi loti asanalembe nambala iliyonse alembe pambali mawu amodzi, "zichuluka" kapena "zichepa". Anthu achuluka, masiku achepa, ndiye ansa ikuyenera kukhala pansi pa 4. Ikatuluka 5.33 aona yekha kuti yaphonya. Kapezedwe kake, ganizani kuti munthu mmodzi yekha angatenge masiku angati, ndi 6 kutaimuza 4, masiku 24. Ntchitoyo ndi ya masiku 24 a munthu mmodzi, igaweni kwa anthu 8, masiku atatu. Mu direct proportion chomwe sichisintha ndi zomwe umapeza ukagawa, ngati 600 ya kope ija, pomwe mu inverse chosasintha ndi zomwe umapeza ukataimuza, ngati 24 iyi.

Liwiro ndi chimodzimodzi. Ulendo wa makilomita 300, womwe ndi pafupifupi Lilongwe kukafika Blantyre, pa 60 pa ola ndi maola 5, pa 75 ndi maola 4. Kuthamanga kwambiri, nthawi yochepa. Za ma roadblock ndi minibasi yoima pa Ntcheu kudikira anthu samu siziwerengera kkk.

Mtundu wa funso la inverse lomwe limapha anthu ndi la chakudya cha ku boarding. Ufa ulipo wokwana ana 120 masiku 30, kwabwera ana ena 30, utha masiku angati? Kulakwa kulipo pawiri. Wina amatenga 30 ija ngati ndiye chiwerengero chatsopano cha ana nkupeza masiku 120, kuiwala kuti akale aja sanachoke, ana tsopano ndi 150. Wina 150 waipeza koma wapanga direct nkupeza 37.5, ngati kuti alendo amabwera ndi ufa wawo. Ansa ndi 120 kutaimuza 30, 3,600, kugawa ndi 150, masiku 24. Nde pena amalikometsera, amati ana enawo abwera patatha masiku 10. Apo uyambe wachotsa zomwe zadyedwa kale, ufa wotsala ndi wa ana 120 masiku 20, yomwe ndi 2,400, kugawa ndi 150, masiku 16. Mwana akalemba 24 pa funso lachiwirili musamunyoze, inverse waimva, changomuvuta ndi kuwerenga funso mpaka kumapeto.

Muziwayesanso ndi mafunso omwe si proportion nkomwe. Ine ndimaponya ili, malaya amodzi amauma maola awiri padzuwa, nanga malaya asanu utayanika limodzi? Theka la khonde limakuwa kuti maola 10. Kenako kumakhala zii, wina nkuyamba kuseka. Sikuti funso ngati limeneli libwera pa MANEB, koma limawaphunzitsa kuima kaye.

Kwa a sekondale pali ija yolumikiza ma ratio awiri. Ndimayamba ndi konkire. Simenti kwa mchenga 1:2, mchenga kwa miyala 1:2, nanga zonse zitatu? Ana amalemba 1:2:2 kapena kungosanja manambala onse anayi. Koma mchenga uli pawiri, uku ukuoneka ngati 2 uku ngati 1, uyenera ufanane kaye. Taimuza yachiwiriyo ndi 2 ikhale 2:4, nde zonse ndi 1:2:4, yomwe amisiri amaidziwa kale, wilibala imodzi, awiri, anayi. Pa mayeso zimabwera ngati A:B ndi 2:3, B:C ndi 4:5. B ali 3 uku, 4 uku, nambala yomwe onse amalowamo ndi 12. Yoyamba taimuza ndi 4 ikhale 8:12, yachiwiri ndi 3 ikhale 12:15, ansa 8:12:15. Amene amalakwa apa kawirikawiri amataimuza B yekha nkumusiya A momwe analili.

Ija yoti increase K800 in the ratio 5:4 ndi yophweka ukagwiritsa ntchito lamulo la zichuluka zichepa, akuti increase nde yaikulu pamwamba, 5/4 ya 800, K1,000. Akati decrease mu 3:4, yaing'ono pamwamba, K600.

Ma map ndi nkhani ya ma zero. Pa map ya 1:50 000, masentimita 6 ndi masentimita 300,000 pansi penipeni, ndipo apa mpamene mwana amalemba makilomita 300 kapena 30. Asadumphe, apite pang'onopang'ono, kugawa ndi 100 kupeza mamita 3,000, kugawanso ndi 1,000 kupeza makilomita atatu. Asunge m'mutu kuti kilomita imodzi ndi masentimita 100,000, komanso kuti pa map ya mtundu umenewu masentimita awiri ndi kilomita imodzi, izi zimuthandizanso ku Geography. Funso likafika pa area ndi pomwe ngakhale ochenjera amaterereka. Dimba la mamita 10 mbali zonse ukalikuza kawiri likhale 20 mbali zonse, malo sanakule kawiri, achoka pa 100 kufika pa 400, kanayi. Nde ratio ya mbali ikakhala 1:2 ya area ndi 1:4, ikakhala 2:3 ya area ndi 4:9. Amene sakukhulupirira ajambule pansi ndi kamtengo awerenge mabokosi.

Kanthu kena kongodutsa, si timadontho tiwiri tilitonse tomwe timafuna kuphatikiza milu. Mnyamata wina wa Fomu 3 anabwera ndi nzeru zoti awerengetse thumba la feteleza wokulitsa uja wa 23:21:0+4S, anaphatikiza 23 ndi 21 nkupeza 44, nkunena kuti mu thumba la makilo 50 muli nitrogen makilo 26. Ndinamuyamikira poganiza, koma manambala a pa thumba aja ndi ma percent, 23 pa 100 aliwonse, nde nitrogen ndi makilo 11.5. Urea ndi 46 percent, thumba lomwelo la 50 muli makilo 23. Ndipo 2:30 ya pa wotchi si ratio, musaichepetse kukhala 1:15.

Kwa inu makolo amene mukuti masamu ndinasiyira kalekale sindingathandize, simukufunika kudziwa njira. Mwana akamaliza mufunseni zinthu ziwiri, kodi ukaphatikiza zomwe wagawazo zikubwerera pa nambala ya mu funso, ndipo kodi amene amayenera kupeza zambiri ndi amene wapezadi zambiri. Zolakwa zambiri zomwe ndatchulazi zimagwidwa pomwepo. Muonetsetsenso kuti akulemba njira yonse mu kope osati ansa yokha, chifukwa pochonga njira imakhala ndi malikisi ake, mwana amene walemba kuti milu ndi 5, mulu umodzi 12,000, nkuphonya potaimuza kumapeto amatolako kenakake, pomwe wongolemba ansa yolakwika amatuluka chimanjamanja. Ndipo akalakwa asafute, adule kamzere kamodzi nkulemba pansi, ife tikufuna tione pomwe anapatukira.

Ngati zonsezi mwayesa koma akadali kusokonezeka, siyani kope sabata imodzi. Tengani nyemba kapena zitsekerero za mabotolo 30, mumuuze agawe 2:3 ndi manja, kuika ziwiri uku zitatu uku mpaka zithe, awerenge apeza 12 ndi 18. Mawa lake 1:4, apeza 6 ndi 24. Tsiku lachitatu mubise nyemba m'thumba, mumuuze kuti ndagawa 3:5 ndipo mbali yaikulu ikuposa yaing'ono ndi nyemba 6, m'thumbamu muli zingati. Akanena 24 osakhudza nyemba, mubwezereni kope lake.